Funsani Tikuyankheni: Ndani amayendetsa chombo chopita kutali m'mlengalenga?

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno akufunsa za maulendo a anthu opita kumwezi ndi ku Mars, makamaka za mmene anthu a m'chombo amagawanirana ntchito ndi makompyuta amene amachiwongolera. Tasankhapo makalata asanu, ndipo ena tawafupikitsa.

FUNSO: Ndimaphunzitsa sayansi pasukulu ina ya sekondale, ndipo ophunzira anga a Fomu 3 anandifunsa ngati anthu amene anapita kumwezi ankayendetsa okha chombo chawo, kapena ankangokhala ngati apaulendo uku kompyuta ikugwira ntchito yonse. Kodi ndikawayankhe bwanji? — Mphunzitsi, Kasungu

YANKHO: Aphunzitsi, funso la ophunzira anuwo lakhala likuwakanganitsa mainjiniya kuyambira pa ulendo woyamba weniweni. Pa 12 Epulo 1961, pamene Yuri Gagarin ankazungulira dziko m'chombo cha Vostok 1, zowongolera zake zinali zokhoma, chifukwa madokotala a ku Soviet Union ankaopa kuti munthu akhoza kusokonezeka mutu akafika kumalo kumene thupi limangoyandama. Chombocho chinayenda chokha ulendo wonse wa mphindi 108, ndipo manambala otsegulira zowongolerazo anamuikira mu envulopu kuti awagwiritse ntchito pokhapokha zinthu zikavuta. Ku America zinayamba mosiyana, popeza anthu asanu ndi awiri oyamba amene anasankhidwa mu 1959 anali akatswiri oyesa ndege zankhondo, ndipo sanalole kuikidwa m'chombo ngati katundu. Anaumirira kuti chombo cha Mercury chikhale ndi zenera komanso chogwirira chowongolera ndi dzanja. Kuumirira kwawoko kunapindula mu Meyi 1963, pamene magetsi a zipangizo zodziwongolera anafa m'chombo cha Gordon Cooper, iye n'kuchilozetsa yekha poyang'ana m'mphepete mwa dziko pazenera ndi kuwerenga nthawi pa wotchi yake, mpaka anatera bwinobwino panyanja ya Pacific.

Chitsanzo chimene ndikukulimbikitsani kuti mukachifotokoze m'kalasi ndi cha Apollo 11, pa 20 Julayi 1969, chifukwa m'mphindi zochepa zokha chimaonetsa ntchito ya kompyuta, ntchito ya munthu wa m'chombo, ndiponso ntchito ya anthu amene anatsala pansi. Chombo chimene Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin anatsikira pamwezi chinali ndi kompyuta yokonzedwa ndi akatswiri a ku yunivesite ya MIT ku America, imene malo ake osungiramo zinthu zosinthasintha ankangokwana mawu 2,048, ndipo mapulogalamu ake okhazikika anali olukidwa ndi manja pa timawaya. Munthu ankalankhula nayo podina manambala: awiri oimira mneni, kutanthauza chimene akufuna kuti ichite, ndi awiri oimira dzina, kutanthauza chinthu chimene ichitepo ntchitoyo. Kompyutayo ndi imene inkawerengera pa masekondi awiri aliwonse pamene chombo chili, liwiro lake ndi mphamvu imene injini iyenera kutulutsa, masamu amene palibe munthu akanawakwanitsa pa liwiro limenelo.

Atatsala ndi makilomita pafupifupi 10 kuti afike pansi, nyali yochenjeza inayaka ndipo panaoneka nambala 1202, imene Armstrong ndi Aldrin sanadziwe tanthauzo lake. Ku Houston, kumalo oyang'anirako ulendowo pansi pano, kunali mnyamata wa zaka 24, Jack Garman, amene anali atalemba papepala manambala onse ochenjeza ndi matanthauzo ake, ndipo anauza Steve Bales, woyang'anira kawongoleredwe ka chombocho, kuti ulendo upitirire malinga chenjezolo lisamabwere mosalekeza. Vuto linali lakuti radar ina imene sinkafunika potera inkadya nthawi ya kompyuta, ntchito n'kuichulukira. Olemba mapulogalamu, amene mmodzi wa atsogoleri awo anali Margaret Hamilton, anali ataikonza kuti ikalemedwa izitaya ntchito zimene zingathe kudikira n'kuyambiranso ndi zofunika kwambiri, ndipo n'chifukwa chake sinasiye kuwongolera ngakhale kuti chenjezo linabwera kasanu.

Atatsala ndi mamita pafupifupi 150, Armstrong anaona kuti kompyuta ikuwatengera pamalo a miyala ikuluikulu pafupi ndi dzenje lalikulu, ndipo kompyutayo inalibe njira yoonera miyala. Anagwira chowongolera n'kupititsa chombo patsogolo mpaka anapeza malo osalala, mafuta atatsala osakwana ngakhale a mphindi imodzi. Chimene ambiri amachiiwala n'chakuti ngakhale pamenepo iye sanazimitse kompyuta. Ankasankha kolowera ndi liwiro lotsikira, koma dzanja lake likasuntha, uthenga unkapita kaye ku kompyuta, ndipo ndiyo inkalamula timainjini toti tiyake kuti chombo chisapendame. Atsogoleri a maulendo onse asanu ndi limodzi amene anatera pamwezi pakati pa 1969 ndi 1972 anachita chimodzimodzi pa gawo lomaliza. Choncho mukawauze ophunzira anu kuti kompyuta inkagwira masamu ndi kusunga chombo chili chilili, munthu ankaona ndi kusankha, ndipo anthu a pansi ankamasulira zimene kompyutayo inkalephera kufotokoza yokha.

FUNSO: Ndinamva pa wailesi kuti siteshoni ya m'mlengalenga imene ikuzungulira dziko imayang'aniridwa usana ndi usiku ndi anthu a pansi pano. Nanga n'chifukwa chiyani akunena kuti chombo chopita ku Mars chiyenera kumadziyendetsa chokha? Kodi sangangochiwongolera ali konkuno? — Wowerenga, Chipata

YANKHO: Zimene munamvazo n'zoona, bambo. Siteshoni ya ISS ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 400 okha, ndipo akatswiri a ku Houston ndi ku Huntsville ku America, ku Korolyov pafupi ndi Moscow, ku Tsukuba ku Japan ndi ku Oberpfaffenhofen ku Germany amasinthana kuyang'anira magetsi ake, mpweya, madzi ndi kutentha, ngakhale pamene anthu a m'katimo ali m'tulo. Munthu wa m'siteshoniyo akafunsa funso, amayankhidwa ngati akulankhula pa foni. Akadwala kwambiri kapena moto ukabuka osazimitsika, chombo chobwererera chili pomwepo, ndipo m'maola ochepa akhoza kukhala atafika pansi.

Chimene chimasintha zonsezi ndi liwiro la kuwala. Uthenga wa wailesi umayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, ndipo palibe luso lililonse limene lingaufulumizitse kuposa pamenepo. Kuti ufike kumwezi umatenga sekondi imodzi ndi kachigawo kochepa, zimene zimalola anthu kukambirana bwinobwino. Pa ulendo wa Apollo 14 mu Febuluwale 1971, kachidutswa ka chitsulo kanalowa mkati mwa batani loletsera kutera, ndipo kankatumiza uthenga wabodza woti ulendo ulekeke. M'maola ochepa okha, injiniya wa ku MIT Don Eyles anapeza njira yoinamizira kompyuta kuti isalabadire batanilo, malangizo anawerengedwa pa wailesi, Edgar Mitchell anawadina, ndipo iye ndi Alan Shepard anatera. Thandizo lotere linatheka chifukwa chakuti mwezi uli pafupi.

Mars imatalikirana ndi dziko lathu makilomita pakati pa 56 miliyoni ndi 400 miliyoni, malinga ndi pamene mapulaneti awiriwa afika pozungulira dzuwa, choncho uthenga umatenga mphindi zitatu ikakhala pafupi kwambiri, ndipo mpaka mphindi 22 ikakhala kutali. Kufunsa ndi kuyankhidwa kungathe kudya mphindi 44, osawerengera nthawi imene woyankhayo aganize. Pamene galimoto yofufuzira ya Perseverance inkatera pa 18 Febuluwale 2021, uthenga unkatenga mphindi pafupifupi 11, koma kutera konse, kuyambira polowa mu mpweya wa Mars mpaka kuponda pansi, kunatenga mphindi pafupifupi zisanu ndi ziwiri. Zikutanthauza kuti pamene mainjiniya a ku California ankamva kuti yayamba kutsika, inali itatera kale, itajambula yokha zithunzi za pansi, kuziyerekeza ndi mapu amene inasunga ndi kusankha malo opanda miyala. Kuwonjezera apo, pa miyezi 26 iliyonse dzuwa limakhala pakati pa dziko ndi Mars, ndipo kwa milungu pafupifupi iwiri NASA, bungwe la za mlengalenga la America, imasiya kutumiza malamulo poopa kuti angafike atasokonezeka.

Mauthenga akutali choterewa amalandiridwa ndi madishi akuluakulu a ku Goldstone ku California, pafupi ndi Madrid ku Spain ndi pafupi ndi Canberra ku Australia, amene anawatalikitsa dala kuti dziko likamatembenuka, malo amodzi azikhala akuona chombo nthawi zonse. Kuno kummwera kwa Africa takhudzidwaponso ndi ntchitoyi, chifukwa dishi la ku Hartebeesthoek pafupi ndi Johannesburg linali m'gulu limeneli kuyambira 1961 mpaka m'ma 1970, ndipo mu 2022 ntchito yomanga malo atsopano olandirira mauthenga a maulendo a kumwezi inakhazikitsidwa ku Matjiesfontein, ku South Africa komweko. Koma ngakhale madishi atachuluka chotani, sangafupikitse mphindi 22 zija. N'chifukwa chake ntchito imene lero ikugwiridwa ndi gulu lalikulu la akatswiri osinthana usana ndi usiku iyenera kusamukira m'chombo momwemo, m'manja mwa anthu anayi kapena asanu ndi mmodzi pamodzi ndi makompyuta awo, pa ulendo umene kupita kokha kumatenga miyezi isanu ndi umodzi mpaka isanu ndi inayi.

FUNSO: Ndakhala ndikuyendetsa lole kwa zaka zambiri, ndipo ndikudziwa kuti ngozi zambiri zimabwera chifukwa cha kutopa ndi kulakwitsa kwa munthu. Ngati kompyuta sitopa ndipo silakwitsa masamu, bwanji osangowaletseratu anthu a m'chombo kugwira zowongolera? — Dalaivala, Mzuzu

YANKHO: A dalaivala, mfundo yanu ili ndi umboni wake, ndipo ndiyamba ndi umboniwo. Pa 25 Juni 1997, chombo chonyamula katundu cha Progress chinagunda siteshoni ya Russia yotchedwa Mir n'kuboola chipinda chake chimodzi cha Spektr. Zombo zimenezi zinkalumikizana ndi siteshoni zokha pogwiritsa ntchito makina otchedwa Kurs, amene ankapangidwa ku Ukraine ndipo anali okwera mtengo, choncho akuluakulu anafuna kuyesa ngati munthu angachite ntchitoyo ndi dzanja. Vasily Tsibliyev anapatsidwa ntchito yowongolera chombo cholemera matani pafupifupi asanu ndi awiri akungoyang'ana chithunzi chosaoneka bwino pa kanema, wopanda chipangizo chomuuza mtunda ndi liwiro, chifukwa radar inali yozimitsa. Anali atakhala m'siteshoniyo kuyambira mu Febuluwale, atapulumuka ngozi ya moto mwezi womwewo, ndipo anali wotopa. Mpweya utayamba kutuluka, Aleksandr Lazutkin ndi Michael Foale anadula ndi kuchotsa mawaya odutsa pakhomo la Spektr n'kulitseka. Ine ndimaona kuti mlandu waukulu pamenepa unali wa amene anamuchotsera zipangizo zoyezera n'kumuyembekezera kuchita ndi maso okha zimene makina ankachita ndi radar.

Komabe kompyuta imalakwitsa, ndipo kulakwitsa kwake n'koopsa chifukwa imachita molimba mtima ndithu. Mu Disembala 2019, chombo cha Starliner cha kampani ya Boeing chinaulutsidwa mopanda anthu, ndipo wotchi yake inatenga nthawi yolakwika ndi maola 11. Kompyuta inaganiza kuti ili pa gawo lina la ulendo, inawotcha mafuta ambiri pa ntchito yosafunika, ndipo chombocho chinalephera kufika ku ISS. Masamu ake anali olondola, koma inawayambira pa nthawi yabodza, ndipo m'chombomo munalibe munthu woti aone kuti zimene zikuchitika sizikugwirizana ndi nzeru. Mu Juni 2024 chombo cha mtundu womwewo chinanyamula Butch Wilmore ndi Suni Williams, ndipo poyandikira siteshoni, timainjini tisanu mwa 28 towongolera tinasiya kugwira ntchito. Wilmore anachigwira ndi dzanja kuti chisasunthe pamene akatswiri a pansi ankadzutsa tinayi mwa timainjinito, kenako chinalumikizana ndi siteshoni. Kale kwambiri, mu Malichi 1966, kainjini kamodzi ka Gemini 8 kanakanirira kakuyaka, chombo n'kuyamba kuzungulira pafupifupi kamodzi pa sekondi, ndipo vutolo linayamba ali pamalo amene wailesi ya pansi sinkafika. Armstrong ndi David Scott, maso atayamba kuchita chidima, anazimitsa makina onse owongolera n'kugwiritsa ntchito timainjini tosungira kubwerera pansi kuti aimitse kuzungulirako.

Vuto limene akatswiri akulimbana nalo kwambiri lili pa nthawi yosinthana, pamene makina akubwezera chiwongolero kwa munthu. Makina akamagwira bwino ntchito kwa nthawi yaitali, munthu amasiya kutsatira zimene zikuchitika, dzanja lake limaiwala, ndipo makinawo amamubwezera ntchito pa nthawi yovuta kwambiri, imene iwo eni alephera. Inu amene mumadziwa msewu wa Karonga, taganizirani dalaivala amene wagona kumbuyo ulendo wonse, kenako n'kumudzutsa pakati pa makona a Chiweta, lole ili pa liwiro, n'kumuuza kuti agwire chiwongolero osamuuza giya imene ilipo kapena ngati mabuleki atentha. Zotere zinachitikadi pa 1 Juni 2009 m'ndege ya Air France yochokera ku Rio de Janeiro kupita ku Paris. Timapaipi toyezera liwiro tinatsekeka ndi madzi oundana, makina oyendetsa ndege anadzichotsa okha usiku pakati pa nyanja, oyendetsa sanamvetse zimene zipangizo zinkawauza, ndipo anthu onse 228 anafa m'ndege imene injini zake zinali bwinobwino.

Pa ulendo wa ku Mars vuto limeneli likhala lalikulu koposa, chifukwa woyendetsa adzafika pa gawo loopsa kwambiri atatha miyezi yambiri osayendetsa kanthu, minofu itafooka, ndiponso ziwalo za m'khutu zothandiza munthu kudziwa kumwamba ndi pansi zitazolowera kuyandama. Kumuletseratu kugwira zowongolera sikungathetse vutoli, chifukwa tsiku limene makina adzakumane ndi chinthu chimene owapanga sanachiganizire, padzafunikabe munthu. Njira yabwino ndi kumupatsa zipangizo zoyeserera m'chombo momwemo kuti azichita masewero a kutera ndi a ngozi mlungu ndi mlungu, kumusiyira ntchito zina zenizeni ngakhale makina angathe kuzichita, komanso kukonza makinawo kuti azichenjeza msanga akayamba kukayika, osadikira kuti afike polephereratu.

FUNSO: Kodi chingachitike n'chiyani kompyuta itangofa chombo chili pakati pa ulendo? — Wophunzira zamagetsi, Blantyre

YANKHO: Opanga zombo amayembekezera kale kuti makompyuta adzasokonezeka, makamaka chifukwa kunja kwa chitetezo cha maginito a dziko lathu kuli cheza champhamvu chochokera ku dzuwa ndi kutali kwina, ndipo kachidutswa kamodzi ka cheza chimenechi kakhoza kusintha 0 kukhala 1 mkati mwa kompyuta. Njira yodziwika ndi kuika makompyuta angapo ogwira ntchito imodzi nthawi imodzi n'kumayerekeza mayankho awo. Zombo za Space Shuttle, zimene zinauluka kuyambira 1981 mpaka 2011, zinali ndi makompyuta asanu. Anayi ankayendetsa pulogalamu imodzi ndi kumavota, kotero kuti imodzi ikasiyana ndi zinzake inkakanidwa. Yachisanu inali ndi pulogalamu yolembedwa ndi gulu lina la anthu, chifukwa cholakwika chikakhala mu pulogalamu yeniyeniyo, makompyuta anayi aja akhoza kulakwitsa limodzi mogwirizana, ndipo kuvota sikungathandize. Monga wophunzira zamagetsi, mfundo imeneyi muisunge, chifukwa imagwira ntchito paliponse pamene pali zipangizo zosungira. Chombo cha Orion, chimene chinazungulira mwezi mopanda anthu pa ulendo wa Artemis I kuyambira pa 16 Novembala mpaka pa 11 Disembala 2022, chimatsatira nzeru yomweyo ya makompyuta angapo ndi pulogalamu yapadera yosungira.

Zonse zikakanika, pamatsala maso, wotchi ndi dzanja. Mu Epulo 1970, thanki ya okosijeni itaphulika pa Apollo 13, makompyuta anazimitsidwa kuti asunge magetsi, ndipo pofuna kukonza njira yobwerera, Jim Lovell ndi Fred Haise analozetsa chombo poyang'ana dziko pazenera, Jack Swigert akuwerenga masekondi 14 pa wotchi. Koma nthawi yoyatsira injini ndi kutalika kwake zinawerengedwa ku Houston, ndipo malangizo odzutsira chombo chozizira anayesedwa kaye pansi kwa masiku angapo. Anthu opita ku Mars akhoza kulandira malangizo otere pa vuto limene likupereka masiku, koma pa vuto la mphindi zochepa adzadalira zimene zili m'chombo zokha.

FUNSO: Masiku ano pafoni pali mapulogalamu amene munthu amacheza nawo ngati mnzake. Kodi zombo za m'tsogolo zidzakhala ndi kompyuta yolankhula chotero? Nanga itasemphana maganizo ndi mtsogoleri wa ulendo, mawu omaliza adzakhala a ndani? Ine zimenezi zimandidetsa nkhawa. — Mayi, Harare

YANKHO: Mayi, kuyesa kunayamba kale. Mu 2018 ku ISS kunapita chipangizo chobulungira chotchedwa CIMON, chokonzedwa ndi bungwe la za mlengalenga la Germany pamodzi ndi makampani a Airbus ndi IBM, chimene chinkayandama, kumva mawu a katswiri wa ku Germany Alexander Gerst ndi kumuwerengera malangizo a ntchito manja ake ali otanganidwa. Koma mawuwo ankatumizidwa ku makompyuta a pansi kuti akamasuliridwe, zimene sizingatheke ku Mars. Pa Artemis I anayesanso Alexa ya kampani ya Amazon, yokonzedwa kuti izigwira ntchito m'chombo momwemo popanda intaneti, akatswiri akuilankhula kuchokera ku Houston. Zipangizo ziwirizi sizinapatsidwe mphamvu pa injini kapena pa mpweya wopuma. Chimene chinapatsidwa mphamvu zenizeni ndi pulogalamu ya Remote Agent, imene mu Meyi 1999 inayendetsa kwa masiku ochepa chombo chopanda anthu cha Deep Space 1, ikudzikonzera ndondomeko ya ntchito ndi kuzindikira zowonongeka zimene mainjiniya anaikamo dala. Inachita bwino, koma pakati pa kuyesako inaima chifukwa cha cholakwika chobisika mu pulogalamu yake chimene sichinaonekepo pa kuyesa konse kwa pansi, ndipo anthu ndi amene anachipeza.

Nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo ife a mu Africa tili ndi chifukwa chokwanira chokhalira nayo. Pa 10 Malichi 2019, ndege ya Boeing 737 MAX ya Ethiopian Airlines inagwa patangopita mphindi zisanu ndi imodzi chinyamukire ku Addis Ababa, ndipo anthu 157 anafa, patangotha miyezi yosakwana isanu ndege ya mtundu womwewo itagwa ku Indonesia n'kupha anthu 189. M'ndegezo munali pulogalamu yotchedwa MCAS imene inkaweramitsa mphuno ya ndege yokha potengera chipangizo chimodzi choyezera, ndipo pamene ndege za mtunduwu zinkayamba kugwira ntchito, pulogalamuyo sinafotokozedwe m'mabuku a oyendetsa. Chipangizocho chitanama, makina anabwereza kuweramitsa ndege uku anthu akulimbana nawo. Pulogalamu imeneyo sinali yanzeru kapena yolankhula, koma inali ndi mphamvu zochita zinthu popanda kudziwitsa munthu chimene ikuchita ndi chifukwa chake, ndipo pamenepo ndi pamene ine ndimaona kuti pagona ngozi yeniyeni.

Pa funso la mawu omaliza, yankho limadalira nthawi imene vuto likupereka. Pali zinthu zimene zimachitika mofulumira kuposa mmene munthu angaganizire, monga roketi kuyamba kusweka ponyamuka kapena waya kuyamba kupsa, ndipo pamenepo makina ayenera kuchitapo kanthu kaye n'kufotokoza pambuyo pake. Mu Okutobala 2018 roketi ya Soyuz inawonongeka itangouluka mphindi ziwiri, ndipo makina opulumutsira anachotsa okha kachipinda ka Aleksey Ovchinin ndi Nick Hague iwo asanachite chilichonse, onse awiri n'kutera amoyo ku Kazakhstan. Pali zinthu zina zimene zimapereka mphindi kapena maola, monga kusankha ngati azimitse makina oyeretsera mpweya amene akutentha kwambiri kapena apitirize nawo, ndipo pamenepo kompyuta iyenera kuika patsogolo pa mtsogoleri zimene yaona, njira zimene zilipo, chimene njira iliyonse idzawonongetse, ndiponso mmene ikukayikira mayankho ake, kenako munthu asankhe. Zinthu zazikulu, monga kusiya ulendo n'kubwerera kapena kuika moyo wa mmodzi pachiswe pofuna kupulumutsa enawo, ziyenera kukhala m'manja mwa anthu, chifukwa ndiwo adzasenze zotsatira zake ndi kuyankha kwa mabanja a anzawo.

Malire amenewa ayenera kulembedwa chombo chisananyamuke, ndipo aliyense wa m'chombo ayenera kuwadziwa pamtima, kuphatikizapo njira yachidule yoimitsira makina imene sidalira makina omwewo. Pakufunikanso kuti kompyuta ikapereka chenjezo izinena tanthauzo lake m'mawu omveka ndi kusonyeza chimene chayambitsa vuto, m'malo moyatsa machenjezo makumi angapo nthawi imodzi, chifukwa munthu amene wamva machenjezo abodza kambirimbiri amayamba kuwanyalanyaza, pamene amene sanaonepo kompyuta ikulakwitsa amasiya kuifunsa. Mmene anthu amasankhira zochita popanda thandizo lapafupi akhala akuziyesa pansi pano. Ku Moscow, amuna asanu ndi mmodzi anatsekeredwa masiku 520 kuyambira mu Juni 2010 mpaka mu Novembala 2011, mauthenga awo akuchedwetsedwa dala, ndipo ku Houston anthu anayi anakhala masiku 378 m'nyumba yoyerekeza Mars mpaka pa 6 Julayi 2024, uthenga uliwonse ukuchedwa mpaka mphindi 22. Ndipo pokonza ulendo wa Artemis II, umene mu Epulo 2023 anasankhira Reid Wiseman, Victor Glover, Christina Koch ndi Jeremy Hansen wa ku Canada, NASA inaikamo dala gawo loti anthuwo aimitse kaye kudziwongolera kwa Orion, aiyendetse ndi dzanja pafupi ndi chigawo cha roketi chimene chawakankha, n'kufotokozera mainjiniya mmene chombocho chikumvera dzanja la munthu asanalowere kumwezi.